Dzina la mpunga wathu likadali pachala

Britain itatuluka mu European Union, boma la kuno linatsegula kaundula wakewake wa mayina a zakudya otetezedwa. Anayamba kugwira ntchito mu Januwale 2021 pansi pa unduna wa Defra. Cornish pasty ili momwemo, Stilton ili momwemo, pamodzi ndi London Cure Smoked Salmon, yomwe inatetezedwa mu 2017. Wogulitsa nsomba yowambidwa kwina pa dzina limeneli waphwanya lamulo. Malonda anasintha, koma Angerezi anagwiritsitsa mayina awo.

Nanga ife? Ndondomeko ya Developing Countries Trading Scheme, yomwe inayamba mu Juni 2023, imalola katundu wa ku Malawi kulowa kuno popanda msonkho wa pachipata. Koma m'kaundula muja mulibe dzina ngakhale limodzi la kwathu. Wina atalemba "chambo" pa paketi ya nsomba yomwe sinamweko madzi a Nyanja ya Malawi, kaundulayo sangamuletse. Mpunga wa Kilombero womwe amayi anu amaunyadira umalimidwa ku Karonga, koma Kilombero ndi chigwa cha ku Tanzania. Dzina limene tingalitchinjirize ndi Karonga.

Ena amati mlimi akusowa feteleza, za mayina n'zachabe. Akulakwitsa. Mtengo wabwino umatsata dzina, ndipo dzina likabedwa, ndalama imapita kwa wakubayo. Funsani a ku South Africa: dzina la rooibos linalembetsedwa ngati chizindikiro cha kampani ku America mu 1994, ndipo analimbana mpaka 2005 kuti limasulidwe. Mu 2021 European Union inaliteteza. Anansi athu a ku Mozambique nawo analembetsa mbuzi yawo, Cabrito de Tete.

Ife ogwira ntchito za makompyuta timadziwa kuti pa intaneti dzina ndi la amene wafulumira kulilembetsa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Britain imalandira mayina a kunja ngati atetezedwa kale kwawo, ndipo lamulo la Malawi la Trademarks Act la 2018 limapereka mpata wotere. Achinyamata inu amene mwaphunzira zamalamulo ndi zamalonda kuno ku London, thandizani magulu a alimi a ku Karonga ndi a khofi wa ku Mzuzu kulemba makalata ofunsira chitetezochi. Lemberani ofesi ya kazembe wa Malawi, muwafunse kuti boma liyamba liti. Ndipo pogula mpunga m'sitolo, funsani wogulitsa kuti walimidwa kuti.