Aphunzitsi a ku Domasi Asaope Zenera Lakuda

Chigwa cha Domasi, kumene Alexander Hetherwick adakhazikitsa mishoni m'chaka cha 1884, ndi kumene kufikira lero aphunzitsi amasulidwa pa Domasi College of Education, sichiyenera kuchita mantha ndi zenera lakuda la pa kompyuta lotchedwa terminal. Pakuti munthu akalembamo mawu akuti sudo apt install pa kompyuta ya Ubuntu, natsatiza dzina la pulogalamu imene mtima wake ukufuna, makinawo amapita kunkhokwe za pa intaneti, nakatenga pulogalamuyo pamodzi ndi timapulogalamu tonse timene iyo imadalira, popeza mutu umodzi susenza denga. Ndipo asanayambe kutsitsa zonsezo amanena kukula kwake, kuti mwini bandulo aone ngati ikwana.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Intaneti njodula kwathu kuno, choncho nkusakaza chuma kuti makompyuta a m'chipinda chimodzi azitsitsa chinthu chomwechomwecho iliyonse payokha, chikhalirecho pulogalamu ya apt-cacher-ng imasunga chimene chatsitsidwa kamodzi ndi kugawira onse.

Inu akuluakulu a zamaphunziro, tikupemphani mwaulemu kuti luso limeneli liphunzitsidwe kwa aphunzitsi athu asanatumizidwe kumasukulu, pakuti Ubuntu ndi yaulere.