Za mawotchi amakonowa, ine ndiyamba ndadikira

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwathu kuno kwa Mwase, mundilole ndiikepo mlomo pa mkangano wa mawotchi amakonowa. Msika wa fodya ukangotsegulidwa ku Chinkhoma, anyamata amabwerera kuchokera ku Kasungu boma atavala mawotchi a galasi ngati la foni. Pakati pa ife aphunzitsi aliponso angapo amene anagula kale, ndipo amatitcha enafe achikale. Dzinalo ndalilandira, koma zifukwa ndili nazo.

Wothamangira chinthu chikangotuluka ndiye amalipirira zolakwa za kampani. Mu 2013 Google inatulutsa magalasi a m'maso otchedwa Google Glass pa mtengo wa madola 1,500, koma pofika 2015 inasiya kugulitsa mtundu woyambawo. Wotchi ya Pebble anthu anaisonkhera madola opitirira 10 miliyoni mu 2012, ndipo mu 2016 kampaniyo inatseka, akatswiri ake n'kupita ku Fitbit. Amenewotu ndi anthu a ku America, osati mphunzitsi wodikira malipiro a pamwezi. Ndipo ambiri mwa mawotchi amene afika kuno si Apple Watch ya 2015 ija, ndi ongofanizira, opanda dzina lodziwika.

Anzangawo ali ndi mfundo imodzi imene sinditsutsa. Foni ikhoza kukhala m'chikwama, wotchi n'kungonjenjemera pamkono, munthu n'kudziwa kuti kunyumba akumufuna popanda kusokoneza kalasi. Zimenezo n'zabwino ndithu. Koma wotchi yofuna kutchaja masiku awiri alionse, kuno kumene timalimbirana sola imodzi? Casio F-91W, imene inatuluka mu 1989, batire lake limatha zaka pafupifupi 7.

Za kuwerenga masitepe zimangondiseketsa. Nambala ya 10,000 ija sinachokere kwa madokotala, inachokera ku kachipangizo kotchedwa Manpo-kei kamene kanayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1965. Mayi amene wathirira nazale m'mawa, kukatunga madzi, kenako kukathandiza kusoka fodya m'chigafa, safunika wotchi yomuuza kuti wayenda.

Pamene mtima wanga suli m'malo ndi pa nkhani ya BP. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi WHO wa mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu atatu alionse m'Malawi muno, mmodzi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka zedi sankadziwa n'komwe. Matendawa sapweteka poyamba, umangomva kuti auje agwa, afa ziwalo mbali imodzi. Tsono wotchi yotchipa imakuonetsa 120/80 tsiku ndi tsiku, iwe n'kumagona tulo. Yesani nokha: ivuleni, muimangirire ku mwendo wa tebulo. Ena mwa mawotchiwa amapereka nambala pomwepo, ngati tebulo lili ndi mtima. Makina a kuchipatala amafinya mkono ndi mpweya kuti ayeze, pamene kawotchi kamangowalitsa kuwala kobiriwira pakhungu. Munthu wa zaka 50 amene wasiya kukayezetsa chifukwa chokhulupirira kawotchi akuseweretsa moyo wake, ndipo ana ake ndi amene adzasowe fizi.

Palinso mayeso. Tonse tikukumbukira 2020, pamene mayeso a MSCE anabedwa, boma n'kuwathetsa mu Novembala, ana n'kulembanso mu Januwale 2021. Osalakwa anavutikira limodzi ndi olakwa. Kale likasa linali kapepala kobisa m'sokosi, ndipo tinkadziwa pofufuza. Lero wotchi ina imalowa SIM khadi, imasunga zithunzi, imalandira mauthenga, koma woyang'anira mayeso akaiona amangoti mwana akusunga nthawi. Amene munali m'kalasi masiku a mawotchi a Casio okhala ndi kalikuleta mukudziwa kuti vutoli si lachilendo, langokula.

Pempho langa kwa akuluakulu a sukulu ndi makomiti a makolo n'losavuta. Chipinda chilichonse cholemberamo mayeso chikhale ndi wotchi yapakhoma, ndipo mawotchi onse apamkono, amakono ndi akale omwe, azitsala pakhomo pamodzi ndi mafoni. Tiyambire pa mayeso a teremu ino kuti a Fomu 4 azolowere asanakumane ndi MANEB.