Wolephera pang'ono adikirirenji chaka chathunthu?

Zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikatuluka, nyuzipepala zimadzaza ndi zithunzi za ana amene apeza mapointi 6. Ine maganizo anga amakhala pa mwana wina: amene wakhoza masamu, bayoloje, zaulimi ndi Chichewa, koma pa Chingerezi wapeza 9. Potsata malamulo a bungwe la MANEB, ameneyu salandira satifiketi ya MSCE. Makolo anagulitsa fodya ndi mtedza zaka zinayi kuti alipire fizi, koma pepala palibe.

Kuno kwa Chiwamba ana otere sasowa. Ambiri amachokera m'sukulu zoyendera za CDSS, kumene Chingerezi chimamveka m'kalasi mokha, belu likalira aliyense n'kubwerera ku Chichewa. Njira imene timawapatsa ndi imodzi: alembetsenso, alipirenso, adikire chaka chathunthu. Chaka kumudzi n'chachitali, abale. Mnyamata amapita kutauni kukapalasa kabaza. Mtsikana, isanafike nyengo yokolola, amalume ake ayamba kale kulandira anthu ofunsira mbeta.

Ku France amachita mosiyana. Mayeso awo otsiriza kusekondale amatchedwa baccalauréat, ndipo anakhazikitsidwa mu 1808, nthawi ya Napoleon. Malikisi a maphunziro onse amawaphatikiza n'kupeza chiwerengero chimodzi pa 20. Wopeza 10 kapena kuposa wakhoza, ngakhale phunziro lina atapunthwa. Wosafika pa 8 walephera. Koma amene ali pakati pa 8 ndi 10 samuthamangitsa. Patangopita masiku ochepa zotsatira zitatuluka, kumayambiriro kwa July, amasankha maphunziro awiri n'kukaonekera pamaso pa aphunzitsi amene amamufunsa mafunso pakamwa. Akachita bwino, amatenga malikisi atsopanowo, ndipo akafika pa 10 amalandira satifiketi chaka chomwecho limodzi ndi anzake. Iwo amati rattrapage.

Sindikunena kuti titengere zonse. Mayeso apakamwa kuno angatibweretsere mavuto. Tisaiwale kuti mu November 2020 boma linaimitsa mayeso a MSCE ali mkati chifukwa mapepala anabedwa, ndipo ana analembanso mu January 2021. Ngati pepala lotsekeredwa m'bokosi linatuluka, nanga malikisi operekedwa m'chipinda mmene muli anthu awiri okha? Kumeneko mbuzi ndi nkhuku zingayende usiku.

Chimene ndikupempha n'chapafupi: mayeso olemba achibwereza, a phunziro limodzi kapena awiri, kwa okhawo amene aperewera pang'ono, pasanathe miyezi iwiri zotsatira zitatuluka. Si zachilendo. M'mayunivesite athu ophunzira amalemba sapu, ndipo palibe amene amati digiri yawo yachepa mphamvu. Bwanji mwayi umenewu tikuupereka kwa amene anafika kale pamwamba, n'kumana mwana wa ku Nsaru kapena kwa Kabudula amene akungofuna pepala loti akalowere ku Namitete Technical College?

Ena adzati ndalama zichokera kuti. Funso labwino. Komatu boma linathetsa mayeso a JCE ponena kuti amadya ndalama zambiri, kenako mu 2021 linawabwezeretsa, ndalama n'kupezeka. Pepala limodzi la Chingerezi, lolembedwa m'malo ochepa m'boma lililonse, silingafanane mtengo ndi mayeso a ana onse a Fomu 2 m'dziko muno. A Unduna wa Zamaphunziro ndi a MANEB, tawerengetserani mtengo wake mutiuze.