Kodi Anawapatsa Dzikoli Ndani?

Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo monga lichitira kuno ku Chikwawa, ndinali kufotokozera ana a Folomu 4 m'mene dziko la America linakulira kuchoka kugombe la kum'mawa kufikira kunyanja ya Pacific. Mnyamata wina wokhala kumbuyo, amene kawirikawiri satsegula pakamwa, anaimika mkono nafunsa kuti, "Aphunzitsi, ngati anthuwo ankati Mulungu ndiye anawapatsa dzikolo, nanga aja anawapezamo anawapatsa ndani?" Anzake anafa nacho chikhakhali. Ine sindinaseke ayi, pakuti funso limeneli ndi lomwe makolo athu a m'chigwa muno sanapatsidwe mpata wofunsa.

M'chaka cha 1845 mkonzi wina wa ku New York, John O'Sullivan, analemba mawu awiri amene anafala ngati moto wa lupsa: Manifest Destiny. Tanthauzo lake nlakuti Mulungu anaikiratu, ndipo wamaso aliyense angathe kuona, kuti Azungu a ku America adzafalikira mpaka kumene dzuwa limalowera. Chaka chomwecho anatenga Texas. Mu 1846 anayamba nkhondo ndi Mexico, ndipo pofika 1848 Mexico anali atataya theka la dziko lake, California ali momwemo. Komatu ntchitoyo inayamba mawuwo asanabadwe. Mu 1838 asilikali anasamutsa anthu a mtundu wa Cherokee m'midzi ya makolo awo nawapirikitsira kutsidya kwa mtsinje wa Mississippi, ndipo pafupifupi 4,000 anatsala m'njira. Mu 1862 Abraham Lincoln anasaina lamulo lopatsa mlimi aliyense wofuna maekala 160 kumadzulo, ngati kuti minda imeneyo inagwa kuchokera kumwamba.

Pali chithunzi chimene John Gast anajambula mu 1872. Mkazi wovala zoyera akuyandama m'mwamba kulowera kumadzulo, waya wa telegalafu kudzanja lina, buku la sukulu kudzanja linalo, ndipo patsogolo pake eni dziko ndi njati zawo akuthawira kumdima. Buku la sukulu! Ife aphunzitsi tikaona chithunzichi tiyenera kuweramitsa nkhope pang'ono.

Tsono awerengi ena adzati zimenezi nzakutsidya kwa nyanja, ife zitikhudza bwanji? Yankho langa nlakuti chikhulupiriro chomwechi chinakwera mtsinje wa Shire pa sitima, ndipo chinakocheza pakhomo pathu.

David Livingstone anafika m'chigwa muno mu Januwale 1859 pa sitima yotchedwa Ma Robert, nakafika kumathithi a Kapichira. Sanapeze chipululu. Anapeza Amang'anja akulima thonje, akuomba nsalu, akusula makasu ndi mikondo. Ine sindimutcha mbala bamboyu. Udani wake pa malonda a akapolo unali weniweni, ndipo mkazi wake anamuika m'manda m'mbali mwa Zambezi ali pa ntchito yomweyo. Koma nayenso ankakhulupirira kuti Mulungu ndiye anakonza mitsinje imeneyi kuti ikhale msewu wa Chikhristu ndi malonda a kwawo, ndipo analembera anzake za maganizo otumiza mabanja osauka a ku Britain kudzakhala m'mapiri a kumtundaku. Bishopu Mackenzie anamwalira mu Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, chaka chomwe chija Lincoln anagawa maekala. Patapita zaka makumi atatu, ulendo wa Livingstone ndi manda a amishoni zinasanduka umboni wa Angerezi wakuti dzikoli liyenera kukhala lawo.

Apwitikizi nawo anali ndi loto lawo. Popeza anakhala ku Sena ndi ku Tete kuyambira m'zaka za m'ma 1500, ankaona kuti mbiri inawalembera kale dziko lonse la pakati. Mu 1886 anatulutsa mapu amene anapaka utoto wofiirira kuchokera ku Angola kufika ku Mozambique, chigwa chathu chili m'katimo. Pamenepo nkuti Cecil Rhodes, munthu wokhulupirira kuti palibe mtundu woposa Angerezi pansi pano, akulota njira yochoka ku Cape kukafika ku Cairo. Mzera wina wopingasa, wina wochoka kummwera kunka kumpoto: inakumana pano.

Mu 1889 Serpa Pinto anakwera Shire ndi gulu lankhondo. Mu Novembala chaka chomwecho anamenyana ndi anthu a mfumu Mlauli, amene ananyamula mbendera za Angerezi poyesa kuti nsaluzo zidzawatchinjiriza. Zipolopolo sizinawerenge mbendera, ndipo anthu ambiri anagwa. Apwitikizi analanda Chiromo napitirira kumtunda. Pa 11 Januwale 1890 boma la Lord Salisbury linalamula Portugal kuti achotse asilikali ake msanga, ndipo Portugal anagonja. Ku Lisbon kunali maliro ndi mkwiyo m'misewu, mwakuti nyimbo ya fuko imene Apwitikizi amaimba lero inapekedwa chaka chomwecho chifukwa cha manyazi amenewa. Taganizani, awerengi: mtundu wathunthu kulirira dziko limene ambiri a iwo sanalionepo, pamene amene anaika abale awo m'manda m'mbali mwa Shire sanafunsidwe kanthu. Pangano la 1891 linadula malire motsata Ruo ndi Shire, ndipo mpaka lero mbumba imodzi imakhala m'maiko awiri.

Ndisaiwale kunena kuti Mlauli nayenso anali wobwera. Iye, Kasisi, Chipatula ndi anzawo anali Amakololo amene anatsala kuno Livingstone atachoka, ndipo ndi mfuti zawo, njala ya 1862 ndi 1863 itafoola Amang'anja, analanda ufumu m'dziko la Lundu, akudzitcha anthu a Livingstone. Matenda amenewa sasankha khungu.

Mbendera itakhazikika, panatsala nkhani ya nthaka. Kuyambira mu 1892 Harry Johnston anayamba kupereka zikalata kwa Azungu amene ankati anagula malo kwa mafumu ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Eugene Sharrer yekha anatuluka ndi maekala oposa 360,000, ena mwa iwo m'chigwa cha Shire. Mfumu imene inalandira nsalu ija inkayesa kuti ikupatsa mlendo pogona. Mlendoyo ankadziwa kuti akugula mpaka muyaya.

Ndikawerenga nkhani ziwirizi, ya ku America ndi ya kwathu, ndimapeza kuti dzina la Mulungu silinali kuyenda lokha. Pambuyo pake pankabwera mawu ena aang'ono: malo awa ngopanda mwini, nthaka iyi ikungogona. Mlendo akaona tsala sadziwa kuti munda ukupuma. Akaona dambo sadziwa kuti madzi akaphwa pamenepo pakhala dimba la chimanga ndi mbatata lodyetsa mudzi m'chaka cha chilala. Akaona nkhalango ya Khulubvi ku Nsanje amawerenga matabwa, osadziwa kuti m'menemo muli kachisi wa Mbona. Diso lokhulupirira kuti linatumidwa siliona anthu, limaona maekala.

Mawu a O'Sullivan sanafe. Mu Januwale 2025 Donald Trump, polumbira kukhala pulezidenti, anawatchulanso ponena za ulendo wa ku Mars, kumene mwamwayi kulibe Cherokee. Koma kuno kwathu nkhawa yanga ili pa liwu lina limene tonse timalikonda: chitukuko. Ngalande yaikulu yotenga madzi ku Kapichira, imene cholinga chake nkuthirira mahekitala oposa 40,000 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, ine ndimaifuna monga aliyense amene anaonapo chimanga chikupsa m'munda mu Febuluwale. Chimene ndimakana ndi chizolowezi cha ife ophunzira, tikavala taye, chonena kuti chinthu chakutichakuti chidzachitika basi, wofunsa mafunso ndi mdani wa chitukuko. Pamene alimi akuphatikiza minda yawo m'makopaletivu, mayi wamasiye wa kadimba kamodzi ayenera kudziwa kuti dzina lake lalembedwa pati, gawo lake ndi lotani, ndipo zinthu zikavuta akadandaula kwa yani. Lamulo la 2016 la malo a makolo limalola munthu kulembetsa malo ake. Ndi angati m'midzi yathu amene analimva m'chinenero chawo? Inu amene mwangomaliza sukulu, amene mudzawerengera agogo anu zikalata asanadinde chala, ntchito imeneyi ndi yanu.

Mnyamata uja sindinamuyankhe tsiku limenelo. M'malo mwake ndinatuma kalasi yonse kuti pa tchuthi akafunse akuluakulu kwawo maina a midzi, madimba ndi manda amene analipo pamene lero pali nzimbe za ku Nchalo ndi nkhalango ya Lengwe. Atsikana awiri abwera kale ndi maina, ena a iwo sindinawamvepo chibadwire. Tagula pepala lalikulu, ndipo Lachisanu tiyamba kujambula.