Mwini Nyama Ndiye Amange Mpanda

Mu July 2022, njovu 263 zinakwezedwa m'magalimoto ku nkhalango ya Liwonde m'Malawi n'kukatsitsidwa ku Kasungu, nkhalango imene kumadzulo kwake yagundana ndi Zambia. Mpanda wamagetsi unayamba kumangidwa mbali ya ku Malawi, koma mbali ya kuno ku Zambia inasiyidwa pululu kuti njovu zizidutsa kupita ku nkhalango ya Lukusuzi, ngakhale kuti pakati pa nkhalango ziwirizi pali midzi ndi minda ya anthu. Zimene zinatsatira palibe wa m'Chigawo cha Kum'mawa amene sanazimve: nkhokwe kugumulidwa, chimanga cha chaka chonse kutha usiku umodzi, maliro mbali zonse ziwiri za malire, mpaka ena mwa oferedwa anakafuna maloya ku Britain. Amene anathandiza kusamutsa njovuzo mlanduwo anaukana.

Pamwamba pa zonsezi pakumveka uphungu wopsetsa mtima, wochokera kwa anthu a m'maofesi ndi ogulitsa zitsulo. Akuti mlimi adziteteze yekha. Azungulize nyumba, khola ndi munda wake ndi mpanda wachitsulo, makamaka wa aluminiyamu, poti ndi wopepuka ndipo suchita dzimbiri. Uphungu umenewu ndi chipongwe kwa mlimi wa ku Katete, Sinda ndi Vubwi, ndipo uyenera kukanidwa poyera.

Nyama zimenezi zili ndi mwini wake. Lamulo loona za nyama zakutchire la mu 2015 limanena mosabisa kuti nyama iliyonse yakutchire m'dziko muno ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko. Munthu akapezeka ndi nyama yakutchire popanda chilolezo, agemu amamumanga, ndipo palibe amene amakayika kuti boma likuteteza katundu wake. Koma katundu yemweyo akalowa m'munda, mwiniyo sapezeka. Lamulo lomwelo silipereka chipukuta misozi kwa wodyeredwa mbewu kapena wogwiridwa mbuzi.

Kwa Kawaza, kwa Mbang'ombe, kwa Nyanje kapena kwa Pembamoyo, nkhani yotere ana omwe amatha kuiweruza. Ng'ombe ikalowa m'munda wa mnzako, mlandu umapita kubwalo la amfumu, mwini ng'ombe amalipira, ndipo amauzidwa kuti akonze khola lake ndi kulanga abusa ake. Palibe nyakwawa imene ingauze wodyeredwayo kuti ndi wolakwa chifukwa sanagule waya. Nanga n'chifukwa chiyani chilungamo chimenechi chimatha mphamvu pamene mwini chiweto ali boma?

Otsatsa aluminiyamu aja zikuoneka kuti sanagonepo m'msasa wa kumunda mu March, chimanga chitayamba kukhwima. Akanagonamo, akanadziwa adani a mlimi wa kuno ndi nzeru zawo. Nguluwe imafika usiku, imafukula pansi ndi mphuno, ndipo mpanda wosakwiriridwa m'nthaka imangoudutsa chokwawa. Fisi naye amakumba m'munsi mwa khola, kapena amayendayenda kunja kufikira mbuzi zitachita mantha n'kuthyola zokha chitseko. Anyani a m'mapiri a ku Katete ndi Vubwi amakwera thanthwe loterera tsiku ndi tsiku. Timizati tosalala ta aluminiyamu tingawaletse chiyani? Ndiye pali njovu, imene anthu a kumalire ndi boma la Mambwe amadziwa kuti sili kutali, popeza South Luangwa ndi dera la Lupande zili kumeneko. Njovu yamphongo imatha kulemera matani 6 ndipo imadya makilogalamu pafupifupi 150 pa tsiku. Ngakhale mpanda wamagetsi imauphunzira: imagwetserapo mtengo kapena kukoka waya ndi minyanga, imene magetsi saigwira. Kuuza munthu kuti aimike chilombo chotere ndi mpanda wokongoletsera nyumba za m'tauni ndi kusewera ndi moyo wake.

Otsatsa aja amanyadira kuti aluminiyamu sachita dzimbiri. Zoona, sachita. Koma ndani wawauza kuti vuto la mlimi wa ku Vubwi ndi dzimbiri? Mpanda wotere sungafike n'komwe pa msinkhu woyesedwa ndi dzimbiri. Aluminiyamu ali ndi msika kwa ogula zitsulo zakale ndi kwa amisiri osungunula mapoto, ndipo mpanda wosiyidwa kumunda, kutali ndi mudzi, ungathe usiku umodzi wopanda mwezi. Waya wachitsulo nawo uli ndi tsoka lake lodziwika kulikonse kumene kuli nkhalango: opha nyama mozemba amaudula n'kupangira misampha. Mapeto ake mlimi amene ankalonda chimanga azilondanso mpanda.

Masamu akenso ndi osavuta. Lima imodzi ndi mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi, choncho kuizunguliza pamafunika mamita 200. Mabanja 100 akamanga aliyense wake, afunika makilomita 20 a mpanda. Minda yomweyo ikakhala pamodzi ndi mahekitala 25, mamita 500 mbali iliyonse, ndipo mpanda wake ndi makilomita awiri okha. Uphungu wa aliyense payekha ukufuna kuti anthu osauka agule waya wochuluka kakhumi kuposa wofunikira. Wopindula ndi wogulitsa. Ndipo wolemera mmodzi akakwanitsa kutchinga munda wake, nguluwe sizibwerera kuphiri ndi njala. Zimakhotera m'munda wa mayi wamasiye woyandikana naye.

Amene akulangizidwa kugula zitsulowa ndi anthu omwe aja amene chimanga chawo chinapserera ndi chilala cha 2024, chimene boma linalengeza mu February chaka chimenecho kuti ndi tsoka la dziko lonse. Ndi anthu amene amagulitsa mbuzi kuti apeze ndalama ya fetereza wotsika mtengo. Munthu wotere ukamuuza za aluminiyamu, wamuuza kuti palibe chimene udzamuchitire.

Njira zothandiza zilipo, ndipo sizinabisike. Kuchigwa cha Luangwa alimi akhala akumanga zingwe zopakidwa tsabola wosakaniza ndi oilo wakuda wa galimoto, ndipo pali magulu olondera usiku amene amathamangitsa njovu poziwombera tsabola. Ku Kenya, wofufuza Lucy King anasonyeza kuti ming'oma ya njuchi yolumikizidwa ndi waya imabweza njovu zambiri, mlimi n'kupezanso uchi. Mpanda wamagetsi a sola wozungulira minda ya mudzi wonse umagwira ntchito ngati pali wosenga udzu pansi pake ndi wosamala batire. Ndipo mmenemo ndi mmene waya wa aluminiyamu uli ndi malo, chifukwa umayendetsa magetsi bwino kuposa wachitsulo. Khola la mitengo yolimba yozikidwa mozama, yothithikana, limavutitsa fisi kuposa chilichonse cha m'sitolo. Koma zonsezi, kupatula khola, zimafuna ndalama, ukadaulo ndi munthu wolipidwa woziyang'anira chaka chonse. Umenewo ndi udindo wa mwini nyama, amene amalandira ndalama za alendo odzaona njovu ndi za zilolezo zosakira.

Boma lisanene kuti kulipira chipukuta misozi sikungatheke. Kenya inaika chipukuta misozi m'lamulo lake la nyama zakutchire la mu 2013, ndipo Botswana nayo imalipira alimi owonongeredwa mbewu ndi ziweto. Lisanenenso kuti ndalama palibe. Thumba la chitukuko la CDF linakwera kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2022, ndipo mu 2025 linali pa K36.1 miliyoni. Madera a Mkaika, Milanzi, Sinda, Kapoche ndi Vubwi onse amalandira. Mpanda wa makilomita awiri wotchinjiriza chakudya cha mabanja 100 ndi chitukuko chofanana ndi mjigo kapena mlatho.

Aphungu a madera amenewa apite ku Nyumba ya Malamulo akafunse kuti lamulo la 2015 lisinthidwe, wodyeredwa mbewu, wogwiridwa ziweto ndi woferedwa azilipidwa. Makhonsolo a Katete, Sinda ndi Vubwi alembe midzi imene imavutika kwambiri ndi nyama, ndipo ayike mipanda ya minda ya pamodzi m'mapulani a chaka chino, mvula yobzalira isanagwe. Mafumu akane kusonkhanitsa anthu awo kuti adzamvere otsatsa zitsulo. Ndipo bungwe lililonse lofuna kusamutsira nyama pafupi ndi malire a Zambia liyambe lamaliza mpanda, lasayina kuti lidzalipira zowonongeka, kenako ndiye galimoto zonyamula njovu zinyamuke.