ZA M'KOMBONI: Matiresi Akale Apite Kuti?

 Sabata ino ndifuna kunena za katundu wakutha, uja wamkuru wosalowa m'dzenje la zinyalala, monga bedi lothyoka, matiresi, matayala, mgolo wobooka ndi firiji yakufa. Ndiyamba ndi kudziulula ndekha, pakuti mlandu umenewu unandigwera.

Caka cina, posamuka m'nyumba ina pa esiteti, ndinali ndi matiresi a siponji amene nsikidzi zinawayesa mudzi wao. Usiku ndinawakoka ndi kukawaponya m'ngalande ya kuseri kwa malaini, ndiri kuti palibe wondiona. Mvula yoyamba itagwa, matiresi aja anakatseka paipi ya pansi pa mseu, madzi nabwerera, nalowa m'nyumba ya amai ena amasiye, nanyowetsa thumba la ufa ndi mabuku a ana a sukulu. M'mawa akapitao sanabvutike kufufuza, cifukwa komboni yonse inawadziwa matiresi anga. Ufa ndinagula wina, koma amai aja anatha miyezi osandiyankha moni, ndipo ici cinandiwawa koposa ndarama zija.

Tsono imvani za malamulo. Kuno ku Zimbabwe kuli lamulo lochedwa Environmental Management Act, la caka ca 2002, ndipo oliyang'anira ndiwo a EMA. Liletsa kutaya zinyalala pa mseu, m'madzi, kapena pena pali ponse posaikidwira nchito imeneyo, ndipo wogwidwa alipa faindi. M'tauni ya Chipinge zinyalala ziri m'manja mwa Town Council, kumidzi kuli Rural District Council. Koma pa esiteti nyumba ndi za kampani, cotero woyamba kumfunsa ndiye kapitao wa komboni. Mufunseni kumene kuli dzala lololedwa, ndiponso ngati thirakita ingakunyamulireni. Kuyambira December 2018 boma linaika Lacisanu loyamba la mwezi uli wonse kukhala tsiku losesa dziko lonse, 8 koloko kufikira 10 koloko m'mawa. Ine ndiona kuti tsiku limenelo ndilo loyenera kuturutsa katundu wotere, poti manja ali ambiri.

Ena amati, "Tingotentha basi." Iai, abale. Utsi wakuda wa siponji ndi wa matayala upweteka m'cifuwa, makamaka ana ndi nkhalamba. Ndiponso m'malimwe moto sucedwa kulumphira ku mabulugamu, amene nkhuni zace ndizo ziumitsa tiyi m'fakitale. Moto ukafika kumeneko, nkhani siikhalanso ya kwa kapitao.

Za mtsinje sindifuna kucurutsa mau. Amene anaona madzi a namondwe wa Idai mu March 2019 ali kukokolola miyala ndi milatho kuno ndi ku Chimanimani adziwa cimene ngalande ikhalira yotsegula. Mtsinje wa Tanganda, umene unathirira tiyi woyamba pa New Year's Gift kale lija, anthu a kumunsi amamwa ndi kucapamo, ndipo cimene titaya ife kumtunda cifika pa dooko pao.

Zitsulo musataye konse, cifukwa ogula zitsulo zakale amaziyesa pa sikelo nakupatsani kanthu. Koma cenjerani ndi mkuwa. Lamulo la mkuwa analikhwimitsa mu 2022, ndipo munthu wopezeka nao wosadziwika kumene unacokera angathe kukagona kundende. Waya wotola m'chire musamsunge m'nyumba. Batire ya galimoto kapena ya sola iri ndi asidi ndi mtobvu, tsono isakhale pamene ana asewera, ipite kwa ogula mabatire. Firiji yakufa muyambe mwaigulula citseko, pakuti mwana wobisalamo pa masewera atha kubanika. Tayala losiyidwa pabwalo lisunga madzi, udzudzu nuswana m'menemo. Mudzazemo dothi mubzale tsabola, kapena mupatse osoka nsapato za matayala.

Inu amene mwatsala pang'ono kupuma nchito ndi kubwerera kwanu ku Mulanje kapena ku Thyolo, yambani kugawa ndi kugulitsa katundu wolemera kukali mwezi wathunthu. Basi siinyamula kabati, ndipo tsiku lobweza kiyi mutu umakhala pa ulendo. Bedi langa lacitsulo, mnzace wa matiresi aja, ndinapatsa amai amasiye aja. Analikuta ndi waya, ndipo lero mugona nkhuku 7.