ZAPAKHOMO: Wilisoni wa Pakaunjika Sachapidwa Ngati Malaya

Ulendo uno tikambirane za chipewa chija tinkachiona pamutu pa malemu Dr Kamuzu Banda, komanso pamitu ya madoda obwerako ku Joni, chimene ambiri timachitcha wilisoni. Zipewa zotere zimapezekabe pakaunjika, zopsinjika pansi pa majekete, ndipo mtengo wake ndi wozizira. Vuto ndi lakuti ambiri akagula amafikira kuchinyika m'beseni la madzi otentha ndi sopo. Chipewa chimathera pomwepo.

Chifukwa chake nachi. Nsalu ya wilisoni si yolukidwa ayi. Ndi ubweya wa akalulu kapena wa nkhosa umene amaupanikiza ndi madzi otentha ndi nthunzi mpaka utagwirana. Mukachichapa ndi kuchifinya ndiye kuti mukupitiriza ntchito ya kufakitale ija: ubweya umagwirana koposa, chipewa chimachepa, ndipo sichibwereranso.

Kusamala kumayambira pamsika. Chiyang'aneni padzuwa, ngati njenjete zinaboola timabowo, chisiyeni, poti telala sangasoke pamenepo osaoneka. Suzumirani mkati. Mukapeza dzina loti Stetson, kampani ya ku America imene inayamba mu 1865, kapena Borsalino ya ku Italy ya mu 1857, mwatola mwayi, ingobisani chimwemwe pamaso pa wogulitsa. Nambala ngati 57 kapena 58 ndi masentimita ozungulira mutu, choncho yesani mutu wanu ndi tepi musanachoke pakhomo. Chachikulu pang'ono chili ndi mankhwala, koma chothina tikuti musatayirepo ndalama.

Mukafika nacho musathamangire kuvala, ndipo ana asaseweretse. Sitidziwa mutu umene unachivala, ndipo nsabwe ndi zipere zimayenda m'zipewa. Chimangeni m'pepala la pulasitiki milungu iwiri kuti nsabwe ndi mazira ake zife. Amene muli ndi filiji, masiku angapo m'chipinda choundana chija amaphanso njenjete. Zipere n'zouma mutu kuposa nsabwe, n'chifukwa chake nsalu yosalala yamkati ija ndi bwino kuimatula, kuichapa payokha kapena kuika yatsopano.

Tsopano fumbi. Tengani bulashi yofewa, osati ija ya polishi wa nsapato, ndipo pukutani mozungulira mbali imodzi yokha, kutsata kumene ubweya unagonera. Pamene pali banga la mafuta a m'tsitsi thirani pawuda ya ana kapena ufa wosalala wa chinangwa, mugoneke usiku wonse, m'mawa mukunthe. Likakanika bwerezani. Lamba wachikopa wamkati mupukute ndi kansalu konyowa pang'ono, kenaka mupake timafuta ta zikopa tochepa kuti asang'aluke.

Ntchito yokoma kwenikweni ndi ya nthunzi. Wiritsani madzi m'ketulo pambaula ya makala oyaka bwino, osati pamoto wa nkhuni, chifukwa utsi ukalowa mu ubweya suchoka msanga. Gwirani chipewa patali pang'ono ndi mlomo wa ketulo, zala zili kutali, mpaka pamalo popindikapo patafewa. Chichotseni, wongolani ndi zala mofatsa, ndipo dikirani chizizire chili m'manja momwemo, pakuti ubweya umasunga maonekedwe amene wazizirira. Musafune kumaliza kamodzi. Pang'ono pano, pang'ono apo. Ngati pamutu pake panaphwanyika kwambiri, chivekeni kamphika kapena mbale yolingana ndi mutu wanu, mutayalapo nsalu yoyera. Mlomo wake muuyale patebulo, muikepo nsalu, n'kusanjikapo mabuku olemera. Chiumire pamthunzi, dzuwa ndi moto zimakhwinyatitsa chikopa chamkati.

Riboni yakunja ikasuluka, telala aliyense wa pakhonde angathe kuika ina, bola asoke ndi manja timfundo tochepa, osati kuyendetsa makina kuzungulira chipewa chonse. Ngati chikukhwepa, pindani kansalu kapena pepala n'kulowetsa kuseri kwa lamba wamkati.

Chipewa chikatha kukonzedwa chimaonongekanso ndi kagwiridwe. Abambo ambiri amachitsina pamwamba pakutsogolo pochivula, ndipo mpamene chimayambira kung'ambika. Gwirani mlomo wake ndi manja awiri. Pochiika pansi, kaya ndi kunyumba kaya pamene mwachivula kumzikiti kuti muvale kofia, chigonekeni chagada, mlomo uli m'mwamba, kuti usaphwatalale komanso kuti thukuta liume. Mvula ikachinyowetsa, tembenuzirani kunja lamba wamkati uja, muimike chipewa pa iye, chiume chokha.